Chifukwa Ninji Ana Athu Alephera Masamu?

Inu nonse amene mumayenda pa msewu waukulu wochoka mumzinda wa Mzuzu kulowera ku Ekwendeni ndi ku Karonga mudziwa malo otchedwa Luwinga. Pamenepo mpamene pali Yunivesite ya Mzuzu. Kale nyumba zimenezo zinali koleji yophunzitsa aphunzitsi a sukulu za pulayimale. M'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti pakhale yunivesite yachiwiri m'dziko muno, ndipo mu Januwale 1999 ophunzira oyamba analowa. Oyambawo anadzaphunzira uphunzitsi wa ku sekondale. Lero achinyamata aphunzira pamenepo ntchito zambiri, monga unamwino, kusamala nkhalango, kuyeza malo ndi za makompyuta.

Inu makolo a ku Luwinga, ku Nkhorongo, ku Lupaso, ku Dunduzu, ku Choma ndi m'midzi ina yonse, palibe mmodzi mwa inu amene sakhumba kuti tsiku lina mwana wake adzalowe pa chipata chimenecho. Koma chipatacho n'chopapatiza. Mwana ayenera kukhoza bwino maphunziro 6 pa mayeso a Fomu 4, ndipo wofuna unamwino, sayansi kapena kuyeza malo ayenera kukhoza bwino masamu. Namwino wosadziwa masamu angathe kupha mwana wodwala, pakuti mankhwala a mwana amayezedwa molingana ndi kulemera kwa thupi lake. Tsono pa masamu pomwepa mpamene ana athu ambiri agwera.

Mwana akalephera mayeso a Fomu 4, makolo amaloza chala aphunzitsi a ku sekondale. Ife tikuti yang'anani kumbuyo. Mwana ameneyo anagwa kale, ali mu Sitandade 1 kapena 2, koma panalibe amene anaona. Akulu anati m'mera mpoyamba. Nkhani ino ikufotokozerani m'mene mwana amagwera, m'mene masamu ayenera kuphunzitsidwira, ndi zimene inu mungachite pakhomo panu ngakhale simunapite kusukulu.

Kukula kwa vutoli

M'zaka za 2019 ndi 2020 a ofesi ya Boma yowerengera anthu ya ku Zomba, mothandizana ndi a UNICEF, anayenda m'makomo m'dziko lonse lino. Anakhala pansi ndi ana a zaka 7 kufikira 14 nawafunsa masamu apafupi, oyenera mwana wa Sitandade 2: kutchula manambala, kunena nambala yaikulu pa ziwiri, kuwonkhetsa, ndi kupeza nambala yosowa pamzere. Mwa ana 100 alionse, amene anakhoza zonsezi anali 13 okha. Taganizani bwino: pa ana 100 osewera pabwalo la mudzi wanu, 87 sanathe masamu a Sitandade 2, ndipo ena mwa iwo anali anyamata ndi atsikana aakulu ndithu.

Palinso mayeso ena amene mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa amalembetsa ana a Sitandade 6, otchedwa SACMEQ. Pa mayeso amenewa muyeso wa pakati ndi mapointi 500. M'chaka cha 2000 ana a ku Malawi anapeza 433 pa masamu, ndipo mu 2007 anapeza 447. Anakwerako pang'ono, komabe chaka chimenecho a ku Zambia okha ndiwo anali pansi pathu.

Akuluakulu amene anaphunzira ku Khondowe kapena ku Ekwendeni nthawi ya mishoni amapukusa mitu akamva zimenezi. Iwo amakumbukira kuti ndalama ya kwacha isanabwere mu 1971, mwana wa sukulu ankawerengera mapaundi, masheleni ndi makobiri. Makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, masheleni 20 n'kupanga paundi. Masamu amenewo anali ovuta kuposa a lero, pamene matambala 100 apanga kwacha imodzi. Akuluwa akunena zoona, koma tisaiwale kuti masiku amenewo ana opita kusukulu anali owerengeka. Ambiri ankatsala kubusa ndi kumunda, ndipo palibe anawayesa mayeso. Lero pafupifupi mwana aliyense amalowa m'kalasi. Chimene chatsala n'chakuti wolowayo aphunziredi.

Musayese kuti vutoli ndi lathu lokha. M'chaka cha 2022 mayiko ambiri olemera anayesa ana awo a zaka 15 pa mayeso otchedwa PISA, ndipo anapeza kuti masamu atsika ndi mapointi 15 poyerekeza ndi 2018. Kutsika kotere kunali kusanaonekepo pa mayesowo. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali mliri wa Covid-19, umene kuno kwathu unatseketsa sukulu kuyambira mu Malichi 2020 kufikira mu Sepitembala ndi Okutobala chaka chomwecho. Koma kwathu kuno zifukwa zina zinalipo kale mliriwo usanafike. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Ana achuluka, mphunzitsi ndi mmodzi

M'chaka cha 1994 Boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chinali chinthu chabwino zedi, pakuti ana a anthu osauka anapeza mwayi. Ana a sukulu anachuluka kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Koma walira mvula walira matope. Makalasi sanakwane, mabuku sanakwane, ndipo Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene anali asanapite ku koleji. Anawaphunzitsa milungu yowerengeka chabe, n'kuwatumiza kukaima pabolodi. Pambuyo pake ambiri anaphunzitsidwa ntchito, koma kuchuluka kwa ana sikunathe.

Boma lifuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. Koma pitani mukasuzumire mu Sitandade 1 m'sukulu zambiri, mukapeza ana oposa 100 atakhala pansi mothithikana. Tiyeni tichite samu imodzi. Tinene kuti phunziro la masamu litenga mphindi 30, ndipo m'kalasi muli ana 120. Mphunzitsi atafuna kuona kope la mwana aliyense, aliyense angalandire masekondi 15 okha, ndiye kuti sanaphunzitse kanthu pabolodi. Chifukwa chake mwana angathe kukhala chaka chathunthu kumbuyo kwa kalasi osamva kanthu, mphunzitsi osadziwa.

Ndiponso pa sukulu zambiri aphunzitsi odziwa bwino masamu amaikidwa ku Sitandade 8, kumene kuli mayeso, ndipo makalasi aang'ono amatsala ndi aphunzitsi ochepa. Kumeneku ndi kuthira feteleza chimanga chitamasula kale.

Kuimba si kudziwa

Mukadutsa pafupi ndi sukulu mmawa mudzamva ana akufuula pamodzi: wanu, thuu, filii, folo. Mawu amamveka bwino, ndipo kholo limakondwa. Koma itanani mwana mmodzi wa m'gulu limenelo, mumuuze kuti akupatseni timiyala 7. Ena adzakupatsani 5, ena 10. Mwanayo waloweza nyimbo, koma sadziwa kuti mawu akuti seveni aimira zinthu zingati.

Kuphunzitsa kotere kumapitirira mpaka m'makalasi a patsogolo. Mphunzitsi alemba samu pabolodi, aonetsa njira yake, ana akopera. Mawa akasintha pang'ono funso, ana onse asochera, pakuti analoweza njira osadziwa chifukwa chake. Ali ngati mlendo amene anauzidwa kuti ukafika pa mtengo wa mkuyu ukhotere kumanja. Tsiku limene mkuyuwo udzadulidwa, mlendoyo sadzafika.

Zilankhulo zitatu pa mutu wa mwana mmodzi

Mwana wa ku Luwinga kunyumba amalankhula Chitumbuka, wina Chitonga, wina Chinkhonde, wina Chichewa. Sukulu za mishoni za kumpoto zinkaphunzitsa makalasi oyamba m'Chitumbuka kufikira chaka cha 1968, pamene kunalamulidwa kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zikhale zilankhulo za sukulu. Mu 1996 Unduna wa Maphunziro unati ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku a m'zilankhulo zina sanapezeke. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linati chilankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi. Ndipo mayeso a masamu a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi.

Tsono taonani katundu amene mwana wasenza. Kunyumba chilankhulo china, kusukulu apeza Chichewa ndi Chingerezi. Kawirikawiri mwana salephera samu yeniyeniyo, koma alephera kumva funso. Mumufunse samu yomweyo m'chilankhulo cha amayi ake, ndi ndalama m'manja, adzayankha msanga.

Kujomba ndi njala

Masamu ali ngati kumanga nyumba ya njerwa. Mzere wachiwiri ukhala pa woyamba, wachitatu pa wachiwiri. Wosadziwa kuwonkhetsa sangathe kuchulukitsa, ndipo wosadziwa kuchulukitsa sangathe kugawa. Mwana akajomba mlungu umene anzake anaphunzira kubwereka pochotsera, m'khoma mwake mwatsala chiboo, ndipo zonse zomangidwa pamwamba pake zidzapendekeka.

Inu mudziwa masiku amene ana amajomba: tsiku la msika, nyengo yopalira, nyengo yosoka fodya, tsiku limene amayi apita kuchigayo ndipo mtsikana atsala kulera mwana. Ku Mzuzu kulinso mvula yosakata msanga ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi, chimene chimagoneka ana aang'ono m'nyumba. Wina amafika kusukulu koma m'mimba mulibe kanthu. Mwana wanjala angathe kuimba nyimbo ndi anzake, koma sangathe kusunga manambala awiri m'mutu.

Mantha

Chifukwa china chili pakamwa pathu ife akulu. Kodi simunamve kholo likunena pamaso pa mwana kuti, "Kwathu kuno masamu sitiwatha, ndi za kumtundu"? Kodi simunamve kuti masamu ndi a anyamata? Mawu amenewa ndi onama, ndipo amapha mtima wa mwana. Pitani pa msika wa Luwinga mukaone amayi ogulitsa tomato, nthochi ndi usipa. Amaoda, amawerengera phindu, amabweza chenje mosalakwa ngakhale kwacha imodzi, wopanda pensulo. Amenewo ndi masamu enieni, ndipo mwana wawo wamkazi angawathe monga iwo.

Mkwapulo nawonso suphunzitsa masamu. Mwana amene amamenyedwa kapena kusekedwa akalakwa samu amaphunzira chinthu chimodzi chokha, ndicho kukhala chete. Ndipo mwana wachete m'kalasi la masamu watayika.

Chinthu, chithunzi, kenaka nambala

Nanga masamu aphunzitsidwe bwanji? Lamulo loyamba ndi ili: mwana ayambe wagwira chinthu ndi manja, kenaka achione pa chithunzi, ndipo pomaliza alembe nambala. Dziko la Singapore, limene ana ake amatsogola pa mayeso a masamu a mayiko ambiri, latsata njira imeneyi kuyambira zaka za m'ma 1980. Njirayi sifuna ndalama. Ifuna timitengo, njere za chimanga, nyemba, timiyala ndi zitsekerero za mabotolo.

Tiyeni tiyese ndi samu iyi: 32 kuchotsapo 17. Ana ambiri amakodwa pamenepa, chifukwa pa 2 sungachotsepo 7. Mphunzitsi amati "tibwereke," koma mwana sadziwa chimene akubwereka, kapena kwa yani. Tsono thyolani timitengo, mumange 10 pamodzi ndi luzi kukhala mtolo. Ikani pansi mitolo 3 ndi timitengo 2 tapadera. Imeneyo ndiyo 32. Uzani mwana achotsepo timitengo 7. Iye yekha adzaona kuti tapaderato sitikwana, ndipo adzamasula mtolo umodzi. Tsopano ali ndi mitolo 2 ndi timitengo 12. Achotsepo 7, patsala 5. Achotsenso mtolo umodzi, patsala mtolo umodzi. Yankho ndi mtolo umodzi ndi timitengo 5, ndiyo 15. Mwana amene wamasula mtolo ndi zala zake sadzaiwalanso tanthauzo la kubwereka. Akachita zimenezi masiku angapo, ajambule mitoloyo pansi kapena m'kope. Pambuyo pake adzalemba manambala okha, timitengo osatifunanso.

Lamulo lachiwiri: gwiritsani ntchito chilankhulo cha mwana. Makolo athu anatisiyira chuma m'kawerengedwe kathu. M'Chichewa timati zisanu ndi ziwiri, ndipo m'Chitumbuka amati vinkhondi na viwiri. Mawuwo okha akuuza mwana kuti 5 kuwonkhetsa 2 ndi 7. Tikati makumi atatu ndi ziwiri, tanena kale kuti pali mitolo 3 ndi timitengo 2. Mawu a Chingerezi akuti seveni kapena thweluvu sauza mwana kanthu. Chingerezi achiphunzire ndithu, pakuti mayeso achifuna, koma ayambe wamvetsa chinthucho m'chilankhulo chake, kenaka apatsidwe dzina lake la Chingerezi.

Lamulo lachitatu: kumvetsa kutsogole, kuloweza kutsate. Sitikunena kuti kuloweza n'koipa ayi. Mwana wa Sitandade 4 ayenera kudziwa pamtima matebulo a kuchulukitsa, kuti 6 kuchulukitsa ndi 8 ndi 48, wosawerenga zala. Amene sadziwa zimenezi amatopa asanafike pakati pa samu yaitali. Koma ayambe waona mizere 6 ya chimanga, uliwonse wa mapesi 8, awerenge yekha apeze 48. Akatero aloweze, ndipo azibwereza tsiku ndi tsiku kufikira zitakhazikika.

Lamulo lachinayi: mwana aliyense achite masamu ndi dzanja lake tsiku lililonse, ndipo afunsidwe kuti, "Wapeza bwanji?" Mwana akalemba kuti 27 kuwonkhetsa 15 ndi 312, musafulumire kumutcha mbuli. Iye wati 7 ndi 5 ndi 12, walemba. 2 ndi 1 ndi 3, walemba. Kuwonkhetsa akudziwa. Chimene sanamve n'chakuti timitengo tikakwana 10 timamangidwa mtolo n'kupita kwa mitolo inzake. Mphunzitsi wongochonga cholakwa ndi inki yofiira sadzadziwa zimenezi, koma wofunsa adzapeza pamene pali bala.

Lamulo lachisanu: mwana aphunzitsidwe kuyambira pamene ali, osati pamene buku lafika. Anzathu a ku Zambia anayamba ntchito yotchedwa Catch Up m'chaka cha 2016, m'chigawo cha kummawa kumene kuli Chipata ndi m'chigawo cha kummwera. Njirayi anaitenga ku bungwe la Pratham la ku India. Mphunzitsi amayesa mwana aliyense payekha, kenaka kwa kanthawi tsiku lililonse amagawa ana a makalasi a pakati m'magulu monga mwa zimene adziwa, osayang'ana kalasi lawo. Wosadziwa manambala ayamba ndi manambala, ngakhale ali wamkulu. Zida zawo ndi timitengo ndi mitolo tanena ija. Palibe choletsa sukulu zathu kuchita chimodzimodzi.

Zimene Boma lachita

Boma silinakhale manja lende. M'chaka cha 2004, mothandizidwa ndi dziko la Japan, linayamba ntchito yotchedwa SMASSE ku koleji ya Domasi, yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi a ku sekondale. Mu 2020, mothandizidwa ndi dziko la Britain, linayamba kukonzanso maphunziro a masamu a Sitandade 1 mpaka 4 pa ntchito yotchedwa National Numeracy Programme, imene inabweretsa mabuku oti mwana azilembamo yekha masamu.

Kunabweranso timakina ta m'manja totchedwa matabuleti. Mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, akatswiri a ku yunivesite ya Nottingham anayesa ana amene anaphunzira masamu pa timakinati mphindi 30 pa tsiku kwa milungu 8, ndipo anapeza kuti anaposa anzawo. Mu 2023 Boma linayamba ntchito ya BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chofikitsa matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa m'sukulu zonse za pulayimale za Boma. Ubwino wa kamakinaka ndi wakuti kamadikira mwana aliyense, ndipo sikamuseka akalakwa. Koma sikangadzutse mwana mmawa, sikangamuphikire phala, ndipo sikangalowe m'malo mwa mphunzitsi. Mutu umodzi susenza denga. Mbali ina ya ntchitoyi ndi yanu.

Masamu ndi ndalama zanu

Mwina wina anena kuti, "Mwana wanga adzakhala mlimi monga ine, masamu adzamuthandiza chiyani?" Tamverani. Mlimi wobzala chimanga mwa njira ya Sasakawa amatalikitsa mizere masentimita 75 ndi mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Akatero pa hekitala imodzi pamakhala mapesi oposa 53,000. Akatalikitsa mapando kufika masentimita 50, wataya theka la mapesi ake pa munda womwewo.

Wogula mbewu akakhala ndi sikelo yonyenga imene idya makilogalamu 2 pa thumba lililonse la makilogalamu 50, pa matumba 25 wakuberani thumba lathunthu inu mukuyang'ana. Mlimi wa fodya wogulitsa ku okushoni ya ku Mzuzu amalandira pepala lolembedwa makilogalamu, madola ndi ndalama zodulidwa. Ngati m'nyumba mulibe woliwerenga, adziwa bwanji kuti walandira zake zonse?

Nanga katapila? Tinene kuti mwakongola K20,000, ndipo mwini ndalama afuna theka pamwamba mwezi uliwonse. Mwezi woyamba ngongole ndi K30,000. Mukalephera kubweza, mwezi wachiwiri ndi K45,000, wachitatu K67,500. Anthu ambiri ataya mbuzi, njinga ndi malata chifukwa chosachita samu imeneyi asanalandire ndalama. Ku banki mkhonde nakonso kufunika wodziwa kulemba ndi kugawa phindu. Ena amati lamya ya m'manja ili ndi kakyuleta. N'zoona, koma kakyuleta amayankha zimene mwamufunsa. Mukadina molakwa, adzakupatsani yankho lolakwa, ndipo wosadziwa masamu adzalilandira ndi manja awiri.

Zimene mungachite pakhomo

1. Yesani mwana wanu mlungu uno. Wa Sitandade 1 mumuuze akupatseni njere 14. Wa Sitandade 2 mumufunse kuti yaikulu ndi iti, 58 kapena 85. Wa Sitandade 4 mumufunse chenje cha K1,000 atagula zinthu 3 za K250 chilichonse. Akalephera musamukalipire. Mwadziwa pamene pali chiboo, ndipo mupite mukauze aphunzitsi ake.

2. Werengani naye zinthu za pakhomo. Awerenge nkhuku polowa m'khola, mazira m'chisa, mizere ya m'munda, ndowa za chimanga pothira m'thumba. Pogawa nthochi kapena mbatata, muuzeni agawe iye mofanana, anene zotsala.

3. Potuma mwana kumsika kapena kugolosale, ayambe wanena chenje chimene adzabwere nacho asananyamuke.

4. Musaletse ana bawo, nsolo ndi phada nthawi yopuma. Wosewera bawo amawerenga njere ndi maenje m'mutu asanagwire, ndipo kumeneko ndi kuwonkhetsa ndi kugawa.

5. Mwana asajombe. Ntchito ya kumunda aigwire akaweruka kapena Loweruka. Mmawa alawe kanthu, ngakhale phala kapena mbatata ya dzulo.

6. Madzulo aliwonse onani kope lake la masamu. Ngakhale simudziwa kuwerenga, mungathe kuona ngati lero walembamo ndiponso ngati aphunzitsi achonga. Muuzeni akufotokozereni samu imodzi. Mwana amene aphunzitsa amayi ake amadziphunzitsa yekha.

7. Mtsikana apatsidwe nthawi yofanana ndi mnyamata. Ngati mlongo wake ali pa buku, iye asakhale yekha pa mtondo ndi pa chitsime kufikira mdima.

8. Musanene pamaso pa mwana kuti masamu ndi ovuta kapena kuti kwanu sawatha.

Mawu kwa mafumu ndi makomiti a sukulu

Inu mafumu, inu a komiti ya sukulu ndi a bungwe la makolo ndi aphunzitsi, pa msonkhano wanu wotsatira musakambe za njerwa ndi zimbudzi zokha. Funsani aphunzitsi aakulu kuti mu Sitandade 1 ndi 2 muli ana angati ndi aphunzitsi angati. Pemphani mwaulemu kuti ena mwa aphunzitsi aluso aikidwe m'makalasi aang'onowo. Uzani mudzi kuti mwana aliyense wa Sitandade 1 mpaka 3 apite kusukulu ndi kathumba ka njere kapena zitsekerero 100 ndi mitolo ya timitengo. Zimenezi sizifuna thandizo lochokera kunja.

Inu a ku Luwinga muli ndi mwayi umene midzi ina ilibe. Ophunzira ambiri a pa yunivesite amakhala m'nyumba za lendi pakati panu, ndipo ena mwa iwo akuphunzira uphunzitsi wa masamu. Kambiranani nawo pamodzi ndi aphunzitsi aakulu, kuti Loweruka mmawa azikhala ola limodzi ndi ana aang'ono pa sukulu kapena pa tchalitchi, makolo ena ali pomwepo. Kumidzi yakutali, anyamata ndi atsikana amene anamaliza Fomu 4 angathe kugwira ntchito yomweyi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Aphunzitsi athu agwira ntchito yolemetsa, ndipo ayenera ulemu ndi chithandizo chathu. Mukapita kusukulu musapite ndi mkwiyo, pitani ndi funso lakuti, "Mwana wangayu wakodwa pati, ndipo ine ndithandize bwanji?" Mphunzitsi amene wafunsidwa chotere sadzamuiwala mwanayo, ngakhale m'kalasi muli ana 120.

Zipatso za ntchito imeneyi sizioneka mwezi umodzi. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Yambani madzulo ano: yalani mphasa, tapani njere za chimanga m'lichero, itanani mwana wanu wamng'ono, muwerenge naye. Mukatha kuwerenga nyuzi ino, ipatseni anzanu, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwawerengere.